Sapitwa wa m'phiri ndi Sapitwa wa m'mwamba

Inu abale athu a kunyanja, amene maso anu adazolowera madzi otambalala ndi mchenga wa m'gombe, tsiku limene mudzafike ku Mulanje khosi lidzakuwawani chifukwa choyang'ana kumwamba. Phiri la kumeneko silikwera pang'onopang'ono ngati zitunda za ku Namwera ayi. Limangoti njo! kuchokera m'minda ya tiyi, thanthwe lokhalokha, ndipo mitsinje ya Likhubula, Lichenya ndi Ruo imatsika m'menemo ndi madzi ozizira oti munthu wa ku Makanjira akawaponda akhoza kukuwa. Nsonga yake yaitali koposa ndi Sapitwa, mamita 3,002, ndipo m'Malawi monse mulibe malo ena okwera kuposa pamenepo. Dzinalo likudzimasulira lokha: kumalo kumene anthu sapita. Makolo a kumeneko ankati ndi kwa mizimu, ndipo mpaka lero alendo amalangizidwa kuti asakwereko popanda mwana wa m'deralo wowatsogolera, poti alipo ena amene adanyozera malangizowa ndipo sadabwerenso. M'mwezi wa Julayi 2025 bungwe la UNESCO lidaika phirili m'kaundula wa malo amene dziko lonse lapansi liyenera kuwasamala.

Tsono kudali Sapitwa wina amene ankayenda m'mwamba. Kampani ya Air Malawi idali ndi chizolowezi chopatsa maina ndege zake. Ina idali Kwacha, ina Shire, ndipo ina, ya mtundu wa Boeing 737, adaitcha Sapitwa. Amene adasankha dzinalo ankafuna kulemekeza phiri, koma ine ndikaliganizira ndimaseka ndekha, poti chinthu chonyamula anthu nkuchitcha dzina lowauza kuti asapite, si zachilendo zimenezo? Komabe funso lili m'dzinamo ndi lenileni, ndipo banja lililonse limene likusonkha ndalama za tikiti limakumana nalo: mwa makampani a ndege amene amatitenga kupita ku Joni, ku Dar es Salaam kapena ku Jeddah, ndi ati amene tiyenera kuwatcha sapitwa?

Funsoli ndi lakale ku Mulanje kuposa mmene ambiri amaganizira. Bomali ndi la anthu oyenda. Tiyi adayamba kubzalidwa kumeneko cha m'ma 1890, ndipo minda ya azungu idatenga nthaka yabwino ya m'tsinde mwa phiri, kusiya Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao a kwa Chikumbu ndi kwa Mkanda atapanikizana pa timinda ting'onoting'ono. Mnyamata amene sadafune kuthyola tiyi moyo wake wonse ankalembetsa ku Wenela, bungwe limene linkatenga anthu kupita nawo ku migodi ya ku South Africa. Ku Blantyre dzinali lidakalipo pa malo okwerera mabasi. Wenela idali ndi ndege zakezake. Zinkanyamuka pa Chileka kukatera ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo kuchoka apo anthu ankapitiriza pa sitima ya pamtunda. Kunena zoona, Amalawi oyamba kukwera ndege mwaunyinji sadali mabwana a mataye ayi, koma anyamata a kumudzi onyamula bulangete ndi kasutikesi ka malata.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 idanyamuka ku Francistown kubwera ku Blantyre itadzaza anthu omaliza kontrakiti. Sidapite patali. Idagwa nkuyaka moto, ndipo mwa anthu 84 amene adali m'menemo 78 adamwalira, ambiri a iwo Amalawi amene mabanja awo ankawadikira ndi mphika pamoto. Ofufuza adapeza kuti mafuta amene adathira m'ndegeyo adasakanikirana ndi a mtundu wina wosayenera injini zake. Dr Kamuzu Banda adakwiya ndipo adaletsa Wenela kulembanso anthu m'dziko muno. Pa nthawi imeneyo Amalawi oposa 100,000 adali ku migodi, ndipo adayamba kubwerera kwawo. Kumeneku kudali kukana ndege kwa dziko lathunthu, kwakukulu kuposa kwina kulikonse kumene tidakuonapo. Koma walira mvula walira matope. Ndalama zimene zinkafika ku positi ofesi ya ku Mulanje, ku Mangochi ndi ku Nkhotakota zidaleka, ndipo pofika 1977 kulemba anthu kudayambiranso pansi pa dzina la TEBA. Kukana chokwera n'kosavuta kwa munthu amene ali ndi china choti akwere.

Ife lero zokwera zathu n'zowerengeka. Kuchoka pa boma la Mulanje kukafika ku Blantyre podzera msewu wa Midima ndi makilomita pafupifupi 65, kenaka nkuwonjezera ena okwana ngati 16 kukafika pa Chileka. Wa ku Salima kapena ku Nkhotakota amapita ku bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi. Pa mabwalo awiriwa makampani amene amatera ukhoza kuwawerenga ndi zala, osamaliza manja onse. Palibe ndege ya masiku onse yochoka kuno kukatera ku Jeddah mwachindunji. Wopita ku Hajj kapena Umrah ayenera kusintha ndege panjira, kawirikawiri ku Addis Ababa kapena ku Nairobi. Munthu wa ku London akakwiya ndi kampani ina amangolowa khomo loyandikana nalo. Ife tikalumbira kuti kampani yakutiyakuti sitidzaikweranso, mwina tatsala ndi imodzi, apo ayi basi ya masiku awiri yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, pamene ndege imafika ku Johannesburg m'maola awiri ndi pang'ono. Chotero kulumbira kwathu kuyenera kukhala ndi chifukwa chomveka.

Mukakhala pansi ndi anthu pa Chitakale kapena pa msika wa Limbuli nkuwafunsa amene adakwerapo ndege chimene chidawapweteka, simudzamva za ngozi. Mudzamva za chikwama chimene chidafika mwini wake atakhala kale sabata pakhomo, za usiku wogona pa benchi m'dziko la eni, ndi za tikiti imene idasanduka pepala wamba. Ine ndemwe ndidagonapo pa bwalo la ndege la dziko lina pamodzi ndi anthu okwana basi yathunthu. Ndege yathu idalephereka, koma si chimene chidatiwawa. Chidatiwawa n'choti ogwira ntchito a kampaniyo adatseka kauntala yawo nkuzimiririka ngati mame, osasiya ngakhale mmodzi woti atiuze kuti tinyamuka liti. Padali mayi wina wachikulire amene mankhwala ake a shuga adali m'chikwama chachikulu chimene chidali chitalowa kale mkati. Ulendo wina, kampani ina idatichedwetsa maola ochuluka kuposa pamenepo, koma munthu wawo ankabwera ola lililonse kudzatiuza zimene zikuchitika, adatipatsa chakudya, ndipo kutada adatipezera pogona. Yoyamba ija sindidaikwerenso. Yachiwiriyi ndidaikweranso mosanyinyirika, ngakhale kuti ndiyo idandichedwetsa kwambiri.

Vuto lalikulu koposa m'chigawo chathu chino cha Africa ndi imfa ya makampani enieniwo. Zambia Airways idatsekedwa mu Disembala 1994. Air Malawi, imene idayamba m'chaka cha 1964 ndipo m'zaka za m'ma 1970 inkafika mpaka ku London ndi ndege ya VC10, idalemedwa ndi ngongole ndipo idatha mu 2013. M'malo mwake mudabwera kampani imene lero tikuitcha Malawi Airlines, imene idayamba kuuluka mu Januwale 2014, boma lathu litatenga magawo 51 pa 100 alionse ndipo Ethiopian Airlines 49. Ku South Africa, kumene ana athu ambiri ali, kampani yotchipa ya 1time idaima mwadzidzidzi mu Novembala 2012 anthu ali kale pa mabwalo. South African Airways idalowa m'manja mwa oipulumutsa ku ngongole mu Disembala 2019, idaima m'chaka chotsatira, ndipo idadzaulukanso mu Seputembala 2021 itachepa kwambiri.

Koma nkhani imene ndimafuna kuti aliyense wosunga ndalama za tikiti aidziwe ndi ya Comair, mwini wa ndege zobiriwira za Kulula. Kampaniyi idali ndi mbiri yabwino ya zaka zambiri, mwakuti m'zaka za 2007 ndi 2008 boma lathu lidakambirana nayo kuti itenge gawo mu Air Malawi, ngakhale kuti zokambiranazo sizidaphule kanthu. Kumapeto kwa Meyi 2022 Kulula idalengeza matikiti otchipa, anthu adagula mwaunyinji, ndipo pasanathe tsiku kampaniyo idati ndege zake zonse zaima chifukwa ndalama zatha. Mu Juni idathetsedwa. Kuyambira pamenepo ndikaona tikiti yotsika mtengo mopitirira muyeso ndimayamba ndafunsa ngati mwini wake ali bwino. Kampani imene nyuzipepala zikulemba kuti yalephera kulipira antchito, kapena kuti ndege yake yagwidwa chifukwa cha ngongole, musaipatse ndalama za ulendo wa miyezi isanu kutsogolo. Ikafa, wogula tikiti amaima kumapeto kwa mzere wa ofuna kubwezeredwa, kumbuyo kwa mabanki ndi eni mafuta.

Pali zina zimene timanamizira kampani pamene wolakwa ali pakhomo pathu pomwe. Mu Januwale 2019 South African Airways idasiya kaye kutera pa Chileka, ndipo amene adali ndi matikiti adavutika kwambiri, ena nkumathamangira ku Lilongwe. Chifukwa chake chidali choti oyang'anira za ndege a ku South Africa atayendera bwalolo adapeza mpanda wothyoka ndiponso galimoto zozimitsa moto ndi ambulansi zosadalirika. Pamenepo kampani imene idakana kutera ndiyo idasamala moyo wa anthu. Chimodzimodzi nyengo. Anthu a ku Mulanje amachidziwa chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza imene imabwera m'miyezi yozizira kuchokera cha ku phiri la Chiperone ku Mozambique, nkuphimba chilichonse mwakuti Chambe yense osaoneka. Woyendetsa ndege amene wakana kutsika m'nkhungu yotere nkukutulani kwina, mumuthokoze, ngakhale mtima ukuwawa. Nayonso ndalama yathu ili ndi mlandu wake. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo pa ulendo wachiwiriwu Malawi Airlines idaimitsa kaye kugulitsa matikiti kuti ikonze mitengo. Matikiti amawerengedwa m'madola. Banja limene lidasunga makwacha zaka zitatu lidadzuka m'mawa ndalama zake zitakwana theka la njira.

Nanga ngozi? Pano ndipamene mphekesera zimatisocheretsa kwambiri. Pa 10 Malichi 2019 ndege ya Ethiopian Airlines yopita ku Nairobi idagwa patangotha mphindi zisanu ndi imodzi chinyamukire ku Addis Ababa, ndipo anthu onse 157 adamwalira. Ambiri kuno adati basi, Ethiopian ndi sapitwa. Koma ndegeyo idali yatsopano, ya mtundu wa Boeing 737 MAX, ndipo inzake ya mtundu womwewo idali itagwa ku Indonesia miyezi isanu m'mbuyomo. Vuto lalikulu lidapezeka m'kachipangizo kamene opanga ndege adaikamo, kamene kankagwetsera mphuno ya ndege pansi, ndipo ndege zonse za mtunduwo zidaimitsidwa padziko lonse mpaka zitakonzedwa. Kwathu kuno, pa 6 Novembala 1987, kandege ka Air Malawi kochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe kadawomberedwa m'mwamba nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ndipo anthu 10 adafa. Kadagwera pafupi ndi Ulongwe wa ku Angonia, osati Ulongwe wathu wa pa msewu wa ku Mangochi uja. Ngozi imodzi yokha sikuuzani khalidwe la kampani. Muyenera kufunsa chimene chidaichititsa.

Ndipo ilipo ngozi ina imene chifukwa chake chiyenera kutikhudza ife makamaka. Pa 11 Julayi 1991 ndege ya DC-8 idanyamuka ku Jeddah kubwerera ku Sokoto itanyamula ma Hajji a ku Nigeria. Tikiti idali ya Nigeria Airways, koma ndege ndi oiyendetsa adali obwereka ku kampani ya ku Canada yotchedwa Nationair. Matayala ena adali ndi mpweya wochepa, amakaniko ankadziwa, koma panali changu choti ulendo usachedwe. Matayalawo adaphulika ndege ikuthamanga, adayaka, ndipo adapindidwira m'mimba mwa ndege moto uli mkati. Anthu onse 261 adamwalira. Nationair idatha mu 1993. Nyengo ya Hajj ndege zimasowa, ndipo zobwereka zimachuluka. Ngati wokonza ulendo wanu akukuuzani kuti wapeza ndege yapadera yotchipa, mufunseni dzina la kampani imene idzaiyendetse, osati imene yalembedwa pa risiti yokha ayi. Wosafuna kutchula dzinalo, ameneyo ndiye sapitwa weniweni. Safunsa adadya phula.

Dzinalo mukalipeza, mwana aliyense wa foni ya intaneti angathe kukuyang'anirani ngati lili pa mndandanda wa makampani oletsedwa kuuluka m'maiko a European Union. Mndandandawu udayamba mu 2006 ndipo umasinthidwa kawirikawiri. Makampani a ku Zambia adaikidwapo mu 2009 nkuchotsedwa mu 2016. A ku Mozambique adalowa mu 2011 nkutuluka mu 2017. Air Zimbabwe idaikidwa mu 2017, Air Tanzania mu Disembala 2024, ndipo mu Juni 2025 adawonjezera makampani onse a ku Tanzania. Nthawi zambiri amene akudzudzulidwa kwenikweni ndi boma limene silikuyendera bwino ndege za m'dziko lake, ndipo zaka zimenezi zikuonetsa kuti woikidwapo angathe kukonza zinthu nkuchoka. Chotero yang'anani mndandanda wa chaka chimene mukuyenda, osati zimene mudamva kwa amalume zaka khumi zapitazo.

Kampani ikakhala yabwino chotani, posintha ndege ndi pamene pamagwera anthu. Mu Novembala 2022 oyendetsa ndege a Kenya Airways adanyanyala ntchito masiku anayi mpaka khoti lidawalamula kubwerera, ndipo anthu zikwizikwi adasowa kolowera ku Nairobi. Zoterezi zingachitikire kampani iliyonse. Chimene chimasiyanitsa wovutika pang'ono ndi wovutika kwambiri ndi mtundu wa tikiti imene ali nayo. Ngati ulendo wonse kuchoka pa Chileka kukafika ku Jeddah uli pa tikiti imodzi, ndege yoyamba ikachedwa kampani ili ndi udindo wokuikani pa ina. Koma ena okonza maulendo amadula matikiti awiri osiyana pofuna kutsitsa mtengo, ndipo yoyamba ikachedwa yachiwiri imangopita, kampani yake nkunena kuti inu simudabwere. Funsani zimenezi musanapereke ndalama, ndipo muone nambala ya tikiti yeniyeni, poti pepala longosungitsa malo si tikiti. Kwa agogo oyenda pang'onopang'ono, ola limodzi losinthira ndege pa bwalo lalikulu ngati la Bole ndi lochepa. Kudikira maola atatu kapena anayi kuli bwino, ndipo mpando wamatayala umapemphedwa pogula tikiti, popanda malipiro.

Chikwama chachikulu muchione ngati mnzanu wa paulendo amene angathe kutsalira. Mankhwala, magalasi, mapepala onse ndi zovala zosinthira kamodzi zikhale m'kachikwama ka m'manja. Kwa amuna opita molunjika ku Makkah, nsalu za ihram nazo zikhale m'manja, chifukwa malire a miqat amadutsidwa ndege ili m'mwamba isanatere ku Jeddah, ndipo nsalu zili pansi pa ndege sizingakuthandizeni pa nthawi imeneyo. Za chakudya, si ndege zonse zimene zimapereka cha halaal kwa aliyense. Makampani ali ndi chizindikiro cha MOML chimene amalemba pa dzina la wofuna chakudya cha Asilamu, ndipo muwauze kudakali masiku awiri. Pobwerera, makampani ambiri amalola botolo limodzi la Zamzam la malita asanu lomatidwa kale, koma ena ali ndi malamulo awoawo, ndiye funsani muli kuno.

Chikwama chikasowa, musatuluke pa bwalo musanalembetse. Pali fomu imene amaitcha PIR, ndipo imafuna kapepala kakang'ono kaja kamene amamata kumbuyo kwa tikiti kapena pasipoti popereka katundu. Ambiri amakataya asanafike n'komwe. Pangano la ku Montreal la 1999, limene makampani ambiri amatsata, limapereka masiku 7 odandaulira katundu wowonongeka ndi masiku 21 a katundu wofika mochedwa, ndipo dandaulolo likhale lolemba. Abale amene abwera kudzakuchingamirani ndi minibasi ya hayala adzakhala akukukokani kuti dzuwa likulowa, koma muwauze adikire. Ndipo musanasaine, funsani kuti chikwamacho chikapezeka adzakupatsirani kuti, ndipo alembe yankho lawo pa fomu pomwepo. Kuchoka pa Chileka kukafika ku Muloza ndi makilomita oposa 100, ku Makanjira n'kutali kuposa apo, ndipo kondakitala sachotsera munthu mtengo chifukwa choti akukatenga chikwama chimene ena adachitaya.